Filimu yakale ndi yaulere, chodula ndi bandulo

Mawu oti "zaulere" pa intaneti amapusitsa anthu ambiri kuno ku Mzuzu. Filimu ikhoza kukhala yaulere ndithu, mwini wake osafuna ngakhale tambala imodzi, koma msewu umene imadutsa kuti ifike pa foni yanu ku Chibavi kapena ku Zolozolo umalipiridwa ndi bandulo yanu. Mafilimu akale aulere ali mbwee, kuwapeza sikuvuta. Chovuta ndi kutenga filimu yathunthu, yooneka bwino, pa ma MB ochepa, n'kuisunga kuti mawa musadzailipirenso. Langizo langa ndi limodzi: musamaonere pa intaneti pomwepo, muzitsitsa kaye n'kuika mu memore khadi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Filimu imene mukuonera pa intaneti ndi fodya wapachala. Netiweki ikagwa kapena bandulo ikatha, mwatsala manja ali m'khosi nkhani ili pakati.

Tiyambe ndi chifukwa chimene mafilimu ena amakhalira aulere popanda kuba, chifukwa mukachidziwa simutaya nthawi kusaka zinthu zimene sizingapezeke. Ambiri mwa mafilimu akale amene ali pa intaneti ndi a ku America, ndipo malamulo a kumeneko amati filimu yakale ikakwanitsa zaka 95 chitulukireni, umwini wake umatha, imasanduka ya aliyense. N'chifukwa chake pa 1 Januwale 2024 mafilimu onse a 1928 anamasuka, kuphatikizapo katuni ya Steamboat Willie imene inatchukitsa Mickey Mouse. Januwale aliyense mafilimu a chaka chimodzi chotsatira amamasukanso. Palinso ena amene anamasuka msanga chifukwa cha kusasamala kwa eni ake. Kale filimu inkayenera kulembetsedwanso pakatha zaka 28, ndipo makampani ena ankaiwala kapena anali atagwa kale. His Girl Friday ya 1940 inamasuka choncho. Night of the Living Dead ya 1968, ya George Romero, nkhani yake ndi yomvetsa chisoni kwa eni ake: atasintha dzina la filimuyo, kampani yoigulitsa inaiwala kuika chizindikiro cha umwini pa dzina latsopanolo, ndipo mwa malamulo a nthawi imeneyo filimu yopanda chizindikiro inali ya aliyense kuyambira tsiku loyamba.

Zimenezi zikutanthauza kuti ukale wokha si ufulu. Mafilimu a Bruce Lee a m'ma 1970 ali ndi eni ake. Shaka Zulu ya 1986, The Gods Must Be Crazy ya 1980, Sarafina ya 1992, onsewa ali ndi eni ake ngakhale tinawaonera m'mavidiyo sho kalekale matepi mpaka kutha. Ngakhale kwa Charlie Chaplin muyenera kusiyanitsa: The Kid ya 1921 ndi The Gold Rush ya 1925 ndi zomasuka, koma Modern Times ya 1936 sinamasuke. Kwathu kunonso tili ndi lamulo lathu la umwini wa zaluso la 2016 komanso bungwe la COSOMA, ndiye amene akufuna kuonetsa mafilimu pagulu n'kumalipiritsa pakhomo, nkhani yake ndi ina, akafunse kumeneko. Zimene ndikulemba pano ndi za kuonera pakhomo.

Nkhokwe yaikulu ya zinthu zimenezi ndi Internet Archive, tsamba lake ndi archive.org. Linayambitsidwa mu 1996 ndi Brewster Kahle ku San Francisco, si la malonda, silifuna akaunti kuti mutsitse filimu yomasuka, ndipo silikuponyerani zotsatsa malonda. Njira yachidule ndi kulemba adilesi yonse m'malo moyamba ndi tsamba loyamba, limene lili ndi zithunzi zambiri zongodya ma MB. Mafilimu aatali ali pa archive.org/details/feature_films, mapulogalamu akale a pa TV ali pa archive.org/details/classic_tv, makatuni ali pa archive.org/details/classic_cartoons. Mukalowa, sanjani zotsatira potengera kuchuluka kwa anthu amene aonera. Filimu imodzi imatha kuikidwapo kasanu kapena kakhumi ndi anthu osiyanasiyana, ina yoyera bwino, ina yojambulidwa kuchokera pa tepi yotopa ya VHS, ndipo kawirikawiri imene yaoneredwa kwambiri ndi imene ili bwinoko. Werenganinso ndemanga ziwiri zitatu pansi pake. Anthu amalemba kuti mawu sakugwirizana ndi milomo, kapena kuti mphindi 10 zomaliza palibe. Safunsa anadya phula. Kumbukiraninso kuti aliyense akhoza kuika zinthu pa tsambali, choncho si zonse zili pamenepo zomasuka. Filimu ya chaka chathachi mukaipeza pamenepo, dziwani kuti wina wangoiponyapo ndipo posachedwa ichotsedwa.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Mukatsegula tsamba la filimu, musadine batani loonera limene lili pakati pa chithunzi. Tsikani pansi mpaka mupeze pamene palembedwa DOWNLOAD OPTIONS, kenako dinani SHOW ALL. Mudzaona mndandanda wa mafayilo onse a filimu imeneyo, iliyonse ndi kukula kwake pambali. Filimu yomweyo imatha kukhala ndi fayilo ya 4 GB, ina ya 700 MB, ina ya 350 MB. Yaikuluyo kawirikawiri ndi imene munthu anaika poyamba, ndipo dzina lake limathera ndi .mpeg, .avi kapena .mkv. Zing'onozing'onozo ndi zimene makina a tsambalo anapanga okha. Sankhani yothera ndi .mp4. Yothera ndi .ogv isiyeni, chifukwa ma TV ambiri saiwerenga ndipo mafoni ena amaikana. Mafilimu amene anaikidwapo kalekale amakhala ndi fayilo imene dzina lake lili ndi 512kb, ndipo imeneyi ndi bwenzi la munthu wa bandulo yochepa. Masamu ake ndi awa: 512 kilobit pa sekondi ndi 64 kilobyte pa sekondi, ndipo pa ola limodzi zimakwana pafupifupi 230 MB. Filimu ya ola ndi theka imakhala cha m'ma 350 MB, nthawi zina kupitirira pang'ono. Pa bandulo ya 1 GB mukhoza kutenga mafilimu awiri n'kutsalako ya WhatsApp. Chithunzi chake ndi chaching'ono, pa foni chimaoneka bwinobwino, koma pa TV ya mainchesi 32 chimaoneka ngati mwachiviika m'madzi. Ngati cholinga ndi kuonera pa TV ndi banja, tengani .mp4 ya pakati, ya 600 mpaka 900 MB.

Musathamangire ma fayilo olembedwa 1080p. Filimu ya 1925 imene inajambulidwanso kuchokera pa kopi yokalamba siyera chifukwa choti fayilo ndi yaikulu. Mumangolipira ma GB atatu kuti muone mizere ndi timadontho momveka bwino.

Pa mndandanda womwewo pamakhala fayilo ya TORRENT, njira yotsitsira imene anthu amagawana mafayilo kudzera mu pulogalamu yakeyake. Imathandiza pamene netiweki ikudukaduka, chifukwa imapitiriza pamene inalekera, koma ili ndi misampha iwiri. Woyamba, imatsitsa mafayilo onse a pa tsambalo, yaikulu ndi zazing'ono zomwe, pokhapokha mutachotsa zizindikiro pa zimene simukuzifuna musanayambe. Wachiwiri, ikamaliza imayamba kutumizira ena zimene mwatsitsazo, ndipo kutumizako kumadyanso bandulo. Kwa ambiri njira yabwino ndi pulogalamu yotsitsira monga ADM pa foni ya Android kapena Free Download Manager pa kompyuta. Dinani dzina la fayilo kwa kanthawi, koperani linki, ikani mu pulogalamuyo. Netiweki ikagwa pa 80 peresenti, mawa mupitiriza pa 80 pomwepo. Kutsitsa ndi Chrome yokha kumathekanso, koma nthawi zina ikaduka imayambiranso pa ziro, ndipo ma MB amene anapita aja sabwerera.

Nthawi yotsitsira ndi usiku kwambiri kapena m'bandakucha, pamene anthu ambiri agona ndipo nsanja ya netiweki ilibe chipwirikiti. Onaninso pa menyu ya Airtel kapena TNM ngati pali bandulo ya usiku, chifukwa imakhala yotsika mtengo kuposa ya masana, koma werengani maola ake bwinobwino. Kutsitsa kukapitirira nthawi imene bandulo ya usiku imathera, foni imalumphira pa bandulo ina kapena pa mayunitsi osakuuzani. Chinanso chimene chimasokoneza anthu: mabandulo a WhatsApp ndi Facebook amagwira pa mapulogalamu amenewo okha, pa archive.org sagwira. Pamafunika bandulo ya intaneti yonse. Musanayambe, lowani mu Play Store muzimitse zoti mapulogalamu azidzikonza okha, apo ayi mupeza theka la bandulo lapita ku zinthu zimene simunapemphe. Amene amalumikiza laputopu ku foni kudzera pa hotspot asamale kwambiri: Windows ikaona Wi-Fi imaganiza kuti intaneti ndi yosatha ndipo imayamba kutsitsa zake. Lowani pa zosintha za Wi-Fi imeneyo muyatse Metered connection. M'nyumba za m'zigwa, monga mbali zina za Masasa ndi Chiputula, foni iikeni pawindo kapena pamalo okwera, ili pa chaja, muisiye igwire ntchito yake. Ophunzira a ku Mzuni ku Luwinga ndi ena amene amapeza Wi-Fi kuntchito ali ndi mwayi, bola atsate malamulo a malowo.

YouTube nayo ili ndi mafilimu akale ambiri, ndipo kusaka kwake n'kosavuta kuposa kwa archive.org. Vuto lake ndi loti imasankha yokha kuyera kwa chithunzi, ndipo netiweki ikakhala yabwino imakwera mpaka 720p kapena kupitirira, pamene ola limodzi limatha kudya 1 GB. Dinani kachizindikiro ka zosintha pakona ya vidiyo, pitani pa Quality, kenako Advanced, musankhe 360p. Pa foni zimakwanira, ndipo ola limodzi limadya pafupifupi 300 MB. Filimu yopanda mitundu imaonekabe bwino ngakhale pa 240p. Zimitsaninso Autoplay, kuti mukagona foni isapitirize kuonetsa khoma mavidiyo mpaka m'mawa. Pa mavidiyo ena pamakhala batani la Download, koma zimene mwatsitsa zimakhala zotsekeredwa mkati mwa YouTube momwemo: simungazitumize kwa mnzanu, simungaziike pa flashi, ndipo pulogalamuyo imafuna kulumikizidwa ku intaneti kamodzikamodzi kuti zisafufutike.

Pa YouTube yang'anani amene waika vidiyoyo. Pali eni ake enieni amene amaika zinthu zawo mwaulere. Mosfilm, situdiyo yaikulu ya ku Moscow, inaika mafilimu ake akale ambiri athunthu, ena ali ndi mawu a Chingerezi olembedwa pansi. Korean Film Archive inachitanso chimodzimodzi ndi mafilimu akale a ku Korea. Mr Bean wa m'ma 1990 ali ndi tchanelo chakechake chimene chimaika magawo athunthu. Zoikidwa ndi akuba zimadziwika msanga: chithunzi chimakhala chaching'ono pakati pa felemu yamaluwamaluwa, kapena chotembenuzidwa moti zolemba zikuwerengeka chafutambuyo, kapena mawu a anthu akumveka ngati a ana. Amachita dala zimenezi pozemba makina a YouTube amene amazindikira filimu ya eni ake. Ena amaika mphindi 5 zokha, kwinako n'kungolemba kuti pitani pa linki iyi. Musapiteko. Palinso mafilimu akale amene anthu awapaka mitundu ndi kompyuta. Nkhope zimasinthasintha, pano zofiirira pano zotuwa, ndipo mithunzi imene wojambula anaikonza mwaluso imafafanizika. Kwa ine yakuda ndi yoyera ija ndi imene ili filimu yeniyeni.

Mukasaka pa Google mudzapeza masamba akunja akutchula Tubi, Pluto TV ndi BBC iPlayer ngati malo aulere. Ndi aulere kwa anthu a m'mayiko amene anasankhidwa. Tsamba limaona kuti muli ku Malawi ndipo limakutsekerani chitseko. Kanopy imafuna khadi la laibulale kapena yunivesite imene inalembetsa nawo. Anyamata ena amalimbikitsa VPN yaulere, pulogalamu yobisa dziko limene muli, koma imachedwetsa netiweki imene ndi yochedwa kale, ndipo ambiri mwa malo amenewa ndi oonera pomwepo, salola kutsitsa. Bandulo yake mungalire.

Za masamba achinyengo sindichulutsa. Filimu sithera ndi .apk kapena .exe, amenewo ndi mapulogalamu, ndipo ambiri ndi mavairasi. Filimu ya ola ndi theka singakhale 6 MB. Tsamba limene likufunsa nambala ya foni yanu kuti muonere likufuna kukulembetsani ku zinthu zodula mayunitsi tsiku ndi tsiku, ndipo limene likufunsa PIN ya Mpamba kapena Airtel Money ndi mbava basi.

Fayilo ikafika, ntchito yotsala ndi kuionera bwino. Ikani VLC, pulogalamu yoonera mafilimu, ndi yaulere, ilibe zotsatsa malonda, ilipo ya foni ndi ya kompyuta, ndipo imawerenga pafupifupi chilichonse. Mafilimu akale ali ndi matenda awoawo, ndipo ambiri VLC imachiza. Oyamba ndi a maonekedwe. Mafilimu a chaka cha 1953 chisanafike, komanso mapulogalamu akale onse a pa TV, anajambulidwa pa chithunzi cha 4:3, chofanana ndi ma TV a chimsana aja. Pa sikirini yamakono yotambalala payenera kutsala mizere yakuda kumanzere ndi kumanja. Anthu ambiri amaona ngati chalakwika n'kutambasula chithunzi kuti chidzaze, ndiye anthu onse amaoneka afupi ndi onenepa, mawilo a galimoto ngati mazira. Pa kompyuta dinani chilembo A mpaka pafike 4:3. Pa TV pitani pa Picture Size kapena Aspect musankhe 4:3 kapena Original. Matenda achiwiri ndi mawu otsogola kapena otsalira. Pa kompyuta zilembo J ndi K zimasuntha mawu pang'onopang'ono, kudina kamodzi ndi 50 milisekondi. Pezani pamene wina akumenyetsa chitseko kapena kuwomba m'manja, musunthe mpaka phokoso ligwirizane ndi chithunzi. Mukaona timizere ngati mano a chipeso m'mbali mwa munthu akamayenda, fayilo inachokera pa tepi kapena DVD, ndipo chilembo D chimayatsa chochotsera timizereto.

Mawu olembedwa pansi amabwera mu fayilo yapadera yothera ndi .srt, yaing'ono kwambiri, sifika ndi 1 MB yomwe. Nthawi zina imakhala pa mndandanda wa SHOW ALL womwe uja. Iikeni mu foda imodzi ndi filimu ndipo muipatse dzina lofanana ndendende, kusiyana kukhale kumapeto kokha, VLC idzaitola yokha. Ikamatsogola kapena kutsalira, zilembo zake ndi G ndi H. Ngati mwaikonza kumayambiriro koma pofika pakati yasokonekeranso, ndiye kuti inalembedwera kopi ina ya filimuyo, yaitali kapena yothamanga mosiyana. Pamenepo musavutike, sakani ina.

Kuonera pa TV kumafuna flashi kapena memore khadi yokhala ndi kolowetsera pa USB. Ma TV ambiri otsika mtengo amawerenga flashi yokhayo imene inafomatidwa pa mtundu wotchedwa FAT32, ndipo FAT32 silandira fayilo yoposa 4 GB. Ichi ndi chifukwa chinanso chosankhira fayilo yaing'ono. TV ikaonetsa chithunzi popanda mawu, kapena ikalemba kuti fayilo siikudziwika, vuto si flashi, ndi mtundu wa fayilo, ndipo .mp4 wamba ndi imene sikanidwa kawirikawiri. Kuchotsa filimu pa foni kupita pa flashi popanda kompyuta kumatheka ndi kachingwe ka OTG. Ma memore khadi abodza ndi ochuluka pamsika: khadi lolembedwa 64 GB pamtengo wa 8 GB limaoneka ngati likulandira zonse, koma likadzadza malo ake enieni limayamba kufufuta zakale mwakachetechete, ndipo mumazindikira pamene filimu ikukana kutseguka. Poyesa khadi latsopano, lidzazeni ndi mafayilo akuluakulu mpaka pakamwa, kenako mutsegule oyamba aja. Pa kompyuta pali kapulogalamu kotchedwa H2testw kamene kamachita ntchito yomweyo. Mukakhala anthu anayi kapena asanu, gawanani: aliyense atsitse filimu imodzi, kenako mupatsirane pa Xender kapena Quick Share, zimene sizidya bandulo. Pa mafilimu omasuka, kupatsiranako si mlandu.

Nanga muyambe ndi ati? Ine ndimati yambani ndi opanda mawu, a m'ma 1920. Chifukwa choyamba ndi chinenero. Chingerezi cha mu His Girl Friday chimathamanga ngati minibasi ya ku Ekwendeni ikamalimbirana okwera, anthu akulankhula mophatikizana, moti ngakhale amene anakhoza bwino MSCE amatsalira. Pomwe Buster Keaton mu The General ya 1926, akuthamangitsa sitima yake yobedwa, amamveka kwa agogo ndi mdzukulu mofanana, wolankhula Chichewa ndi wolankhula Chitumbuka kuseka pamodzi. Mu Steamboat Bill, Jr. ya 1928 khoma lonse la nyumba limamugwera iye ataima chilili, n'kupulumukira pa kawindo kotsegula, ndipo khomalo linali lenileni, panalibe za kompyuta. Harold Lloyd akulendewera pa wotchi ya nyumba yosanja mu Safety Last ya 1923 amachititsabe anthu kugwira mpando. Zolemba zimene zimaoneka pakatipakati ndi zochepa, munthu mmodzi akhoza kumaziwerenga n'kumamasulira mokweza, monga amachitira anyamata omasulira mafilimu m'mavidiyo sho. Ku Japan nthawi ya mafilimu opanda mawu imeneyi inali ntchito yolemekezeka, ochita ake ankatchedwa benshi. Chifukwa chachiwiri ndi mvula yathu ino. Ikayamba kugwa pa malata mu Malichi ndi Epulo, mawu a filimu ya 1940, amene ndi otsika kale ndiponso osokosera, samveka ngakhale mutakweza bwanji. Chaplin mvula simusokoneza.

Mafilimu opanda mawu ali ndi kavuto kawo. Ankajambulidwa pa liwiro losiyanasiyana, ambiri pakati pa zithunzi 16 ndi 22 pa sekondi, pomwe makina a pambuyo pake amayenda pa 24. Kopi imene inasamutsidwa mosasamala imaonetsa anthu akuyenda ngati nyerere zothawa moto. Mu VLC tsitsani liwiro kufika pa 0.8 kapena 0.9, muona kuyenda kwawo kukukhala kwa anthu. Nyimbo zimene zili pa makopi aulere nthawi zambiri zinangoikidwapo ndi munthu wina, sizigwirizana ndi zochitika, ndipo palibe cholakwa kuzizimitsa. Onaninso kutalika kwa filimu musanatsitse, chifukwa makopi amasiyana kwambiri. Metropolis ya 1927 inadulidwadulidwa itangotuluka, ndipo zigawo zake za mphindi pafupifupi 25 zinapezeka mu 2008 ku Buenos Aires, moti makopi akale amene ali pa intaneti ndi aafupi ndipo nkhani yake imadumphadumpha. The Gold Rush nayo ili pawiri: ya 1925 yopanda mawu, ndi ya 1942 imene Chaplin anaikamo mawu ake ofotokozera, ndipo yachiwiriyi ikadali ndi eni ake. Mafilimu opanda mawu amene atsala ndi ochepa poyerekeza ndi amene analipo. Filimu ya nthawi imeneyo inkapangidwa ndi nitrate, chinthu chosachedwa kuyaka ndiponso chowola chokha, ndipo kafukufuku wa Library of Congress wa 2013 anapeza kuti mafilimu aatali opanda mawu a ku America pafupifupi 70 pa 100 alionse anatayikiratu.

Okonda za azibambo a zipewa ndi akavalo ali ndi John Wayne mu Angel and the Badman ya 1947 ndi McLintock ya 1963, zonse zomasuka. Ana ali ndi makatuni 17 a Superman a 1941 mpaka 1943, lililonse la mphindi zosakwana 12, ndipo kujambula kwake kukadali kokongola. Koma kholo liyambe laonera lokha. Zinthu zambiri za nthawi imeneyo zimaonetsa anthu akuda monyoza, azungu atadzipaka makala kumaso, Afirika ngati tchire la anthu osaganiza. The Birth of a Nation ya 1915 imatchulidwa m'mabuku onse a mbiri ya mafilimu, koma ndi filimu yotamanda Ku Klux Klan, gulu la azungu odana ndi anthu akuda, si ya kuonera Lamlungu masana ndi ana. Night of the Living Dead ija nayonso ndi yoopsa, ya akuluakulu.

Mapulogalamu akale a pa TV kwa ife ndi nkhani yachilendo pang'ono, poti m'nthawi ya Kamuzu dziko lino linalibe wailesi ya kanema yakeyake. TVM inayamba mu 1999. Zakale zathu ndi za dzulodzuloli, monga Tikuferanji ndi nthabwala za Izeki ndi Jakobo, zimene tizidutswa take timapezeka pa YouTube ndi Facebook koma zili ndi eni ake. Za kunja zimene zili pa classic_tv ndi za m'ma 1950 ndi 1960: magawo ena a Bonanza, The Beverly Hillbillies, The Lone Ranger, Dragnet, komanso Sherlock Holmes ya 1954 imene ili ndi magawo 39. Ubwino wake ndi kufupika. Gawo la mphindi 25 pa fayilo yaing'ono ndi cha m'ma 100 MB, lokwanira madzulo amodzi magetsi atathima foni ili pa pawabanki. Musadabwe kupeza magawo ena okha, chifukwa amene anamasuka ndi okhawo amene eni ake anaiwala kulembetsanso. Musadabwenso nyimbo yoyambira ikakhala yachilendo: nyimboyo ili ndi umwini wakewake, ndiye ogulitsa ankaichotsa n'kuikapo ina. Mapulogalamu ena amaoneka a chifunga ndi akuda m'makona chifukwa matepi a vidiyo asanabwere ankawasunga poloza kamera ya filimu pa sikirini ya TV, ndipo palibe batani limene lingayeretse zimenezo. Ambiri sanasungidwe n'komwe. BBC inkafufuta matepi ake kuti ijambulirepo zina, ndipo magawo 9 a Doctor Who amene ankaoneka ngati anatayika anapezeka mu 2013 mu stolo ya siteshoni ya TV ku Jos, ku Nigeria.

Pali mtundu wina wa kanema wakale umene anthu ambiri kuno sadziwa kuti ulipo, ndipo ndi umene umatikhudza kwambiri: nkhani zojambulidwa zimene zinkaonetsedwa m'nyumba za kanema filimu isanayambe. British Pathé inaika mavidiyo ake pafupifupi 85,000 pa YouTube mu 2014, ndipo AP Archive ndi British Movietone anatsatira chaka chotsatira. Ambiri ndi a mphindi imodzi mpaka zisanu, ndiye bandulo sadya. Chinsinsi chili pa kasakidwe. Mukalemba Malawi mupeza zochepa, chifukwa dzinali linayamba kugwira ntchito pa 6 Julayi 1964. Lembani Nyasaland, muphatikize ndi chaka: 1958 pamene Dr Banda anabwerera n'kutsikira pa Chileka, 1959 pamene boma la atsamunda linalengeza lamulo la zadzidzidzi pa 3 Malichi, 1964 pa ufulu. Maina a malo alembeni monga ankalembera azungu: Cholo m'malo mwa Thyolo, Mlanje m'malo mwa Mulanje, Fort Johnston ya Mangochi, Port Herald ya Nsanje, Fort Hill ya Chitipa, Lake Nyasa ya nyanja yathu. Kumpoto kuno yesani Livingstonia, Nkata Bay yopanda h, ndi Vipya, chifukwa Mzuzu weniweniyu anakula kuchokera pa esiteti ya ku Vipya ya mitengo yamafuta yotchedwa tung imene inayamba mu 1947. Yesaninso Central African Film Unit, bungwe limene linkajambula mafilimu a Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri kuyambira 1948 mpaka 1963. Wofotokozera m'mavidiyo amenewa amalankhula monga mtsamunda, nthawi zina mopeputsa anthu amene akuwajambula, ndipo ena anaikidwa opanda mawu n'komwe. Tsitsani mawuwo, muimitse chithunzi, muyang'ane kumbuyo kwa bwanamkubwayo: mavalidwe a anthu, zikwangwani za masitolo, njinga, misewu ya fumbi. Ngati pakhomo pali gogo amene anaona zaka zimenezo, mupatseni foni aigwire yekha, muikweze pa 480p kuti nkhope zizindikirike, ndipo mumusonyeze pamene angadine kuti chithunzi chiime.